Galimoto Yofiira ya Mipando Iwiri

Inu owerenga, ine ndi amene ndinakakamiza amuna anga kugula galimoto imene inatsala pang'ono kundiphera mwana. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kumudzi kwathu mpaka lero anthu amati bambo a Agnesi ndiwo anapenga ndi ndalama za fodya. Iwo sanatsutsepo, anangousenza mlanduwo mwakachetechete. Koma Mulungu amene amaona za mumtima akudziwa kuti misala inali yanga. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye mundikhululukire ngati nkhaniyi ikhote pena ndi pena. Ndingoifotokoza mmene inayendera.

Ndinakulira pa esiteti ya fodya konkuno ku Mchinji. Makolo anga anachokera ku Mulanje kudzagwira utenanti. Mwana wa mwini esiteti anali ndi kagalimoto kofiira, kakafupi, kopanda denga, kamene kankalira mosiyana ndi galimoto zina zonse. Tikamasoka fodya m'chigafa, tinkayamba kumva kulira kwake kasanaoneke, kenaka nkutulukira m'mabulugamu ngati khala la moto, fumbi lili m'mbuyo. Pambali pa mwamunayo pankakhala mkazi wake, mpango ukuuluka. Ine ndinkangoima ndi tsamba la fodya m'manja mpaka mayi anga kundikuwa kuti, "Iwe, maso amenewo abwerere kuno!" Maso ankabwereradi, koma mtima unkapita nako kagalimotoko.

Nditakula ndinakwatiwa ndi bambo a Agnesi, amene pa nthawiyo ankayendetsa thirakitala pa esiteti pomwepo. Ananditenga kupita kwawo, mbali ya ku Ludzi, kumene tinabereka ana atatu, woyamba Agnesi. Ndi munthu wofatsa, wosadziwa kukweza mawu. Zaka zonsezo ulendo wathu unali wa panjinga, iwo kutsogolo ine pakaliyala. Kutchalitchi, kuchigayo, kumaliro, ine ndinkangoona msana wawo. Ndinkadziwa zigamba za malaya awo kuposa mmene ndinkadziwira nkhope yawo akamayenda. Nthawi zina ndili pakaliyala pomwepo ndinkatsinzina nkumalota tili m'kagalimoto kofiira kaja, ndakhala pambali pawo, tikuyang'ana kumodzi. Sindinauzepo munthu. Ndinkaona ngati ndi maloto osalakwa.

Matipate atabwera, alimi wamba tinayamba kulima fodya wa bale momasuka. Tinalimbikira. Tinagula ng'ombe ziwiri zokoka, Kapiteni ndi Bulaki, ndi ngolo yake. Ng'ombezo bambo a Agnesi ankalankhula nazo ngati anthu. Kenaka kunadza chaka china chimene mvula inagwa bwino, tsamba linatuluka lokongola, ndipo ku okushoni linayenda kuposa mmene tinkayembekezera. Bambo anati tigule kapikapu kakale, kazinyamula mabelo, masiku ena kazichita matola. Ine ndinati ndiyambe ndapemphera. Masiku asanu ndi anayi ndinagwada, kupempha Ambuye kuti atisonyeze chochita ndi ndalamazo.

Tsiku lotsatira tinapita pa Boma. Pikapu imene tinamva ija tinapeza itagulidwa dzulo lake. Tikubwerera chakumsika, pansi pa mtengo, ndinaiona. Yofiira, yaifupi kufika m'chiuno mwanga, denga lake lansalu lopindikira kumbuyo. Ndinamva fungo la fodya wa m'chigafa cha ubwana wanga, ngakhale panalibe chigafa. Mumtima ndinati, pikapu yachoka kuti iyi ionekere, yankho la pemphero langa ndi limeneli. Inu owerenga, apa ndi pamene ndinachimwa. Ndinatenga chilakolako changa nkuchiveka dzina la Mulungu.

Wogulitsa anali bambo wina wa malonda a m'malire, wolankhula Chinyanja cha ku Chipata. Anati galimotoyo inachokera ku Joni, inayendako ku Zambia, ndipo akuigulitsa motchipa chifukwa akufuna mpamba. Anasindikiza kabatani, nyali ziwiri zinatumphuka pamwamba ngati maso a chule. Anati tiiyese. Bambo a Agnesi anakhala pachiwongolero, ine pambali pawo, nkulowa mumsewu wa tala wopita kumalire.

Sindingathe kukufotokozerani bwino mmene zinalili. Mphepo inandivula duku. Mapiri a Mchinji ankaoneka obiriwira ngati akuyandama, mitengo ikuthawira kumbuyo. Ndinatembenuka nkuona nkhope ya mwamuna wanga chammbali, imvi zoyamba zili pafupi ndi khutu, akumwetulira ngati mnyamata. Zaka zonse za ukwati ndinali ndisanawaonepo chonchi. Misozi inatuluka, mphepo nkuiumitsa.

Titabwerera iwo anatsika, nkuzungulira galimotoyo, nkugwada kusuzumira pansi pake. Anandiitanira pambali.

"Mayi a Agnesi, mabelo tidzaika pati?"

"Ngolo tili nayo."

"Mipando ndi iwiri yokha."

"Nanga ine ndi inu tilipo angati?"

Anaseka, koma anati tiitane makaniko aione kaye. Wogulitsa uja atamva anati masana omwewo kukubwera bwana wina wa ku Lilongwe ndi ndalama m'manja. Ine mantha anandigwira ngati akundilanda mwana. Ndinati chimene Mulungu wapereka sichifuna makaniko. Ndinalira pamaso pa anthu pamsika. Bambo a Agnesi, amene sanandikanizepo kanthu, anatulutsa ndalama za thukuta lathu.

Tala atatha, galimoto inayamba kudandaula. Msewu wakwathu ndi wa ngolo, uli ndi mikwasa iwiri yakuya ndi msana pakati. Mimba ya galimoto inkakhula pamsanapo, kwee, kwee, mpaka tinafika pakhomo tikuyenda ngati tikuperekeza maliro. Mudzi wonse unasonkhana. Ataona nyali zija zikutumphuka, wina anakuwa kuti, "Agula chule!" Dzina linakhala lomwelo. Amayi anzanga a mumphakati anabwera ndi madzi odalitsa, tinawaza, tinaimba, tinavina. Alamu anga a NaPhiri, achemwali awo a bambo a Agnesi, munthu wosabisa mawu, anasuzumira mkati nkufunsa kuti, "Alamu, wodwala akakhala apa, womudikirira akhala pati? Padenga? Nalonso palibe." Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Kwathu kuno galimoto ikalowa m'mudzi siikhala ya mwini yekha. Imanyamula odwala, imanyamula bokosi, imakatenga ankhoswe. Ine zimenezo ndinkazidziwa bwinobwino, koma tsiku limenelo ndinaziika kunja kwa mutu.

Sindikunamizeni, miyezi yoyamba inali yokoma. Inali nthawi ya chilimwe. Lamulungu lililonse Misa ikatha tinkayenda pang'onopang'ono mpaka pa tala, kenaka bambo nkuimasula. Tinkapita mpaka pafupi ndi malire, nkuima pambali pa msewu, nkumadya mabanzi tili chete, dzuwa likupendeka. Ndinkadziona ngati mkazi wa mpango uja. Ndinkathokoza Mulungu ndi mtima wonse, osadziwa kuti ndikuthokozera msampha.

Choyamba chinali petulo. Chule ankamwa ngati wabooka. Kuti tipulumutseko kangachepe tinayamba kugula wa m'zigubu kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo tsiku lina tinagula wosakaniza ndi parafini, injini nkuyamba kutsokomola. Kenaka kumbuyo kunayamba kutuluka utsi wabuluu. Tinaikankhira kwa a Mbewe, makaniko wa pa Boma amene tikanayenera kumuitana tsiku loyamba lija. Anatsegula, anagwira oyilo ndi zala, nkupukusa mutu. Anati wogulitsa anathira oyilo wokhuthala kwambiri kuti utsi usaoneke tsiku loyesa, koma injini inali yotopa kalekale.

"Bambo," anatero a Mbewe, "iyi si galimoto, mwakwatira mkazi wachiwiri. Ndiponso ndi wa m'tauni, sadya masamba a maungu."

Masipeya ake pa Boma panalibe. Ku Lilongwe bambo anazungulira masitolo tsiku lonse, ena nkumawafunsa kuti galimoto yoteroyo mwaitenga kuti. Tinkachita kutuma madalaivala a mathiraki opita ku Joni, nkudikira mwezi, nthawi zina miyezi iwiri, chitsulo nkubwera chosalowa. Tayala likaphulika, saizi yake yotakata ija sinkapezeka. Nyali imodzi inakanirira osatsekeka, inayo osatseguka, anthu nkumati Chule watsinzinira akazi a eni. Kutagwa maliro a mwana wa mnansi wathu kuchipatala, anabwera kudzagwada pakhomo kupempha galimoto. Inali pamiyala, ndipo ngakhale ikanakhala yamoyo, bokosi likanalowa pati? Anabwerera chimanjamanja. Kuyambira pamenepo palibe amene anadzapemphanso.

Bambo anati tiigulitse. Ogula ankabwera, nkusuzumira pansi, nkuyang'ana msewu wathu, nkumapita. Koma kunena zoona, ine sindinkafuna kuti igulidwe. Ndinkaitsuka m'mawa uliwonse ngakhale isakuyenda.

Chaka chachiwiri, chilimwe chikupita kumapeto, giyabokosi inafa. Nthawi yomweyo Agnesi, amene anali atakwatiwa ndi mnyamata wogwira ntchito pa esiteti ina ku Kasungu, anabwera kudzakhala nafe ali ndi pakati poyamba, monga mwa mwambo kuti mwana woyamba akabadwire kwa amayi. Ine ndinapeza pogwira. Ndinauza bambo kuti galimoto ikonzedwe msanga chifukwa cha tsiku la Agnesi. Ndalama zinali zitapita ku feteleza. Ndinati tigulitse ng'ombe ndi ngolo.

Bambo anangodzuka. Anapita kukhola, nkuima nthawi yaitali akusisita Kapiteni pamphumi. Patatha sabata, a Gama, mlimi wa kutsidya kwa dambo, anabwera kudzazitenga. Bulaki ankatembenuka kuyang'ana kukhola mpaka anakalowa m'bango. Ine ndinalowa m'nyumba kuti ndisaone, ndikudziuza kuti ndachitira mwana wanga.

Galimoto inakonzedwa, inalira bwino ngati tsiku loyamba. Ku sikelo anamwino anauza Agnesi kuti popeza ndi mimba yoyamba ndipo miyendo ikutupa, mwezi wake ukakwana akakhale kuchidikiro, kuchipatala cha mishoni, asadikire matenda kunyumba. Anabwera kudzandiuza. Inu owerenga, mverani yankho limene ndinampatsa mwana wanga. Ndinati kuchidikiro amapita ndi anthu opanda galimoto. Ndinati akagonerenji pansi ndi kuphika pamafuwa a eni pamene pakhomo pali galimoto yothamanga kuposa ambulansi. Agnesi ndi mwana womvera. Anakhala.

Tsikulo linafika mu Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osalekeza. M'mawa kunacha bwino, tinali kumunda kuthyola fodya pamene a NaPhiri anabwera akuthamanga kuti Agnesi matenda ayamba, ndipo magazi akutuluka ambiri kuposa oyenera. Tinathamangira kunyumba. Bambo anapotokola kiyi, galimoto inalira nthawi yomweyo. Ndinati zikomo Yesu. Tinamunyamula Agnesi nkumukhazika pampando, beseni ndi zitenje pamiyendo pake.

Kenaka ndinaima, chitseko chili m'manja. Panalibe pokhala ine.

Ndinayesa kudzipanikiza pambali pake, analira ndi ululu. Ndinayesa kumbuyo, kunali kamalo kongokwana chikwama. Kwathu mwana wamkazi pa nthawi yotere amakhala m'manja mwa amayi ake ndi amayi aakulu, bambo ake sayandikira nkomwe. Koma apa mwana wanga ankapita yekha ndi bambo ake, amene ankangoyang'ana kutsogolo ndi manyazi ndi mantha. Agnesi anandigwira dzanja nkunena kuti, "Amayi, musandisiye." Ndinachotsa zala zake chimodzichimodzi, nkutseka chitseko. Mipando iwiri ija, imene ndinaiwerengera ine ndi mwamuna wanga, inandisiya panja.

Ndinathamanga pambuyo pake, a NaPhiri pambuyo panga. Ndinkaiona ikutsetsereka uku ndi uku m'matope, yofiira pakati pa chimanga chobiriwira, ngati m'maloto aja munthu amathamanga koma osasuntha. Pa mtsetse wolowera kudambo ndinamva phokoso ngati mbiya yasweka. Nditafika ndinapeza mimba ya galimoto itakhala pamsana wa msewu, matayala akuzungulira m'malere. Mwala unaboola chibekete cha oyilo pansi pa injini, oyilo wakuda akuyenderera pamatope. Kenaka injini inazima.

Amuna a m'minda yapafupi anabwera kuti akankhe, koma a NaPhiri anawathamangitsa kuti aime patali, nkutchinga ndi chitenje. Agnesi milomo inali itayera. Bambo ake anavula nsapato nkulowa m'dambo, madzi m'chiuno, osanena kumene akupita. Ine ndinagwada m'matope, mutu wa mwana wanga pachifuwa, nkuyamba kupemphera korona. Mawu ankandisokonekera. Ndinangoti Ambuye, galimoto ndinaifuna ndine, chidikiro ndinakaniza ndine, mwanayu sanalakwe.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinamva kugogoda kwa ngolo ndi mawu a bambo a Agnesi akuitana maina amene ndinali ndisanawamve miyezi inayi. "Kapiteni! Bulaki! Tiye!" Zinatulukira m'bango, matope mpaka m'mimba, zikukoka ngolo yathu yomwe ija. A Gama anali pamwamba, anayala kale mphasa ndi bulangeti. Ndinafuna kuwagwadira, iwo anati, "Mayi, kwerani, zothokoza pambuyo. Njira zikuidziwa, ndi zanu zomwe izi."

M'ngolomo tinakwana tonse. Agnesi anagona motambasuka, mutu pamiyendo panga, a NaPhiri kumapazi, ndi mayi wina amene anangokwera kuti athandize. Pamene galimoto inakanika, ng'ombe zinangodutsa osaima. Zinkayenda pang'onopang'ono, ine mtima ukufuna kuuluka, koma sizinaime ngakhale kamodzi mpaka pachipata cha chipatala, dzuwa litapendeka kale.

Anamwino anatilandira mothamanga, Mulungu awadalitse kulikonse kumene ali. Mwana anabadwa wamkazi, osalira. Ndinali panja pa chitseko ndikumva bata limenelo, ndipo sindifunira mayi aliyense kuti adzalimve. Kenaka kunamveka kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka. A NaPhiri anakhala pansi nkuyamba kulira mokweza. Agnesi anataya magazi ambiri, anamutumiza kuchipatala cha pa Boma kumene anagona masabata atatu. Anachira, koma sanaberekenso. Madokotala sananene kuti nchifukwa cha kuchedwa kuja, ndipo Agnesi sanandilozepo chala. Koma ine ndikaona anzake ali ndi ana anayi, asanu, ndimadziwa chimene ndinamuuza tsiku la sikelo lija.

Chule anakhala padambo masiku anayi. Amene anamukokera kunyumba ndi Kapiteni ndi Bulaki omwewo, mudzi wonse ukuonerera. Pamenepo ndi pamene anthu anayamba kunena kuti bambo a Agnesi anagulitsa ng'ombe chifukwa cha chidole. Ndinafuna kuyankha, iwo anandigwira pamkono. Titafika kunyumba ndinawagwadira nkupepesa, nkuwauza zonse, za chigafa, za mpango, za msana wawo panjinga. Iwo anati, "Mukanandiuza, bwenzi ndikukukwezani kutsogolo pa felemu." Tinaseka uku tikulira. Kenaka anati, "Nanenso ndinkasangalala nayo, mayi. Musasenze nokha."

Zinatitengera zaka kuti tigulenso ng'ombe. Fodya wa chaka chimenecho tinanyamula ndi ngolo yobwereka.

Tsono inu owerenga, makamaka alimi anzanga amene chaka china Mulungu adzakutsegulirani dzanja, ndikupempheni. Galimoto yakale musagule makaniko wanu asanaione, ngakhale wogulitsa atati ogula ena ali panjira. Asiyeni agule. Musaiyese pa tala pokha pamene inu mumakhala kumatope, ndipo funsani kuti chitsulo chake chikathyoka chimapezeka kuti, chifukwa ndalama yogulira ndi yochepa poyerekeza ndi yoisunga. Izi zothamanga za mipando iwiri anapangira anthu a misewu ina ndi matumba ena. Musanapereke ndalama, ganizani za tsiku loipa kwambiri pakhomo panu, nkuwerenga anthu amene adzafunike kukwera. Amayi anzanga, anamwino akati mwana akadikire kuchipatala, mulekeni apite, kaya pakhomo pali chiyani. Ndipo mukapemphera, musathamangire kunena kuti Mulungu wayankha pamene mwangoona chimene mtima wanu unkafuna kale. Ine anandiyankhadi, koma yankho lake linabwera ndi nyanga, likukoka ngolo.

Mdzukulu wanga dzina lake ndi Chifundo, koma mudzi wonse umamuitana Nangolo. Chule akadalipo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Matayala tinagulitsa, injini a Mbewe anatenga, kumbuyo kwake nkhuku zimaikira mazira. Utoto unasuluka, diso limodzi lija likadali chotsegula. Mipando yokha ndiyo ikadali yabwino. Madzulo ena dzuwa likamalowa, ine ndi bambo a Agnesi timakhalamo, lichero la mtedza pakati, tikusenda. Ndimatembenuka nkuwaona chammbali, mutu wonse tsopano ndi imvi. Sitipita kulikonse. Ndimathokoza Mulungu, ndipo ndimadzifunsa kuti chinandiletsa nchiyani zaka zonse zija kungotenga mpando nkukhala pambali pawo.